Pansi pooneka ngati matabwa oyererako: kodi vinyl angapirire ku Balaka ndi ku Machinga?

Kale munthu akamanga nyumba ya malata ku Liwonde kapena pa Balaka, nkhani ya pansi inali yachidule. Mmisiri ankasalaza simenti, n'kusakanizako ufa wofiira uja, ndipo Loweruka lililonse ana ankagwada ndi polishi wa Cobra mpaka pansi pachite kung'anima. Amene anali ndi kangachepe ankaika matailosi. Masiku ano mafoni abweretsa chilakolako china. Achibale amene ali ku Joni, omwe ndi ambiri ndithu ochokera ku Ntaja, ku Nselema ndi ku Ulongwe, akumatumiza ndalama zomangira pamodzi ndi chithunzi cha chipinda cha ku Johannesburg kapena ku Cape Town chimene pansi pake pakuoneka ngati payalidwa matabwa oyererako. Zambiri mwa zimene zili pazithunzizo si matabwa ayi, ndi vinyl. Maboma a Balaka ndi Machinga, amene mpaka 1998 anali boma limodzi, ali ndi dzuwa lake, dothi lake ndi kakhalidwe kake, ndipo zimenezi n'zimene ziyenera kulamula kagulidwe.

Kodi vinyl ameneyu n'chiyani, ndipo akusiyana pati ndi kapeti wa pulasitiki wa pamsika?

Onse awiri ndi apachibale, chifukwa amapangidwa ndi pulasitiki wotchedwa PVC. Pulasitiki ameneyu anayamba kukhala waphindu mu 1926 pamene Waldo Semon, katswiri wa kampani ya B.F. Goodrich ku America, anapeza njira yomufewetsera kuti azipindika osathyoka. Kapeti wa pamsika uja, wogulitsidwa pa mita kuchokera pa mpukutu, ndi wopyapyala ndipo maluwa ake amakhala pafupi kwambiri ndi pamwamba. N'chifukwa chake pakhomo lolowera amayamba kufufutika chaka chisanathe, kenako n'kung'ambika pamene pamakhala mwendo wa mpando.

Amene akukambidwa pano amatchedwa LVT, ndipo amabwera m'makatoni ngati timatabwa, kawirikawiri totalika kupitirira pang'ono mita imodzi. Kathabwa kamodzi kamakhala ndi zigawo zosanjikizana. Pansi pali chigawo cholimbitsa, pakati pali mtima wake, pamwamba pa mtimawo pali pepala lapulasitiki losindikizidwa chithunzi cha thabwa lenileni, ndipo pamwamba penipeni pali khungu loonekera ngati galasi limene mapazi amaponda. Chimene maso amakonda ndi chithunzi chija, koma chimene chimasunga ndalama za wogula ndi khungu lapamwambalo. Likatha khungulo, chithunzi chimafufutika ndipo palibe mmisiri amene angachibwezeretse. Thabwa lenileni la mlombwa amalipala n'kulipakanso vanishi, pamene vinyl sapalidwa.

M'sitolo akunena za LVT, SPC ndi laminate. Zonsezi n'chimodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu amagula chinthu china akuganiza kuti agula china. Laminate, amene anayambira ku Sweden m'ma 1970, mtima wake ndi utuchi wa mitengo wopanikizidwa. Amaoneka bwino, koma madzi akalowa m'molumikizira amafufuma ndipo sabwereranso mwakale. M'nyumba imene amakolopa tsiku ndi tsiku ndi chikolopa chodontha madzi, laminate sakhalitsa.

LVT wamba ndi wofewa, wochindikala mamilimita 2 kapena 2.5, ndipo amamatidwa pa simenti ndi guluu. SPC ndi wolimba, wochindikala mamilimita 4 mpaka 6 kapena kuposerapo, ndipo timatabwa take timalumana m'mbali popanda guluu. Mtima wa SPC ndi PVC wosakaniza ndi ufa wa mwala wa laimu, mwala wa mtundu womwewo umene anthu a ku Balaka akhala akukumba ndi kuwotcha kwa zaka zambiri kumapiri a Chenkumbi. Mwalawo ndi umene umachititsa kuti SPC asamafutukuke kwambiri kukatentha. Kwa nyumba ya m'chigwa cha Shire, imeneyi ndi mfundo yaikulu kuposa dzina la kampani lolembedwa pakatoni.

N'chifukwa chiyani munthu angasankhe mtundu woyererako? Sudetsedwa msanga?

Maganizo a ambiri ndi akuti choyera chimaonetsa litsiro. Pa malaya n'zoona, koma pansi pa nyumba zimatengera litsiro lake. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala chimene chimalowa m'nyumba za pa Balaka, pa Phalula ndi pa Mangochi Turn-off ndi fumbi lotuwa, ndipo fumbi lotuwa limaonekera kwambiri pansi pakuda kapena pofiirira. Mwini nyumba amene ali ndi matailosi akuda amadziwa kuti akasesa m'mawa, pofika masana mapazi a aliyense amakhala atalemba njira. Pa mtundu wa mchenga, wa uchi wopepuka kapena wofanana ndi thabwa la paini kapena la malaina, fumbilo limabisala. Madzi a m'mijigo ina ya m'derali ali ndi mchere, ndipo akauma atakolopera amasiya mizere yoyera, imene nayonso siionekera kwenikweni pa mtundu wowala.

Phindu lachiwiri ndi kuwala. Nyumba zambiri zili ndi mawindo aang'ono ndi khonde lotchinga dzuwa, choncho m'kati mumakhala kamdima ngakhale masana. Pansi powala pamabweza kuwalako, ndipo usiku magetsi akathima, kababu kamodzi ka sola kamawalitsa chipinda bwino kuposa mmene kangachitire pansi pakuda.

Vuto limabwera ndi dzinja. Dothi lamakande, lakuda lija limene thonje limakondako, likamatirira kunsapato limaonekera kutali pa vinyl woyererako. Tsitsi ndi fumbi la makala nazonso sizibisika. Choncho woyera mbee ngati pepala si wabwino. Wabwino ndi amene ali ndi mizere ya thabwa yooneka bwino ndi timfundo tofiirira apo ndi apo, komanso wosanyezimira, chifukwa wonyezimira amaulula pokandika paliponse. Mtundu wotuwa ngati phulusa, umene unatchuka kwambiri m'zithunzi za kunja, umakangana ndi mipando ya mbawa ndi ya mlombwa imene akalipentala athu amapanga, pamene woyererako wokhala ndi kachikasu pang'ono amayenderana nayo.

Wogula wanzeru amapempha kachidutswa kukaika m'chipinda chenichenicho, n'kukaona m'mawa, masana ndi usiku. Magetsi a m'sitolo amanamiza maso.

Nanga kutentha kwa Okutobala?

Ili ndi funso limene wogulitsa wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe angaliiwale, koma wa ku Liwonde sayenera kuliiwala. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumadutsa madigiri 35, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa apo. Makampani ambiri opanga vinyl amalangiza kuti aziyalidwa kutentha kuli pakati pa madigiri 18 ndi 27. Pulasitiki akatenthedwa amafutukuka, kukazizira n'kubwerera. Ngati alibe kofutukukira, timatabwa timakankhana mpaka kutukumuka pakati pa chipinda, kapena mano ake olumikizira amathyoka.

Pali njira zinayi zochepetsera vutoli, ndipo palibe yodula. Makatoni azigona chafufumimba m'chipinda chimene akayalidwe kwa maola 48 asanatsegulidwe, osati kutsika m'lole yotentha n'kuyalidwa tsiku lomwelo. Kwa SPC, mmisiri asiye mpata wa mamilimita osachepera 5, ndipo ena amati mpaka 10, kuzungulira khoma lonse ndi pamafelemu a zitseko. Mpatawo umabisika ndi sikating'i. Ntchito izichitika m'mawa, ndipo ngati n'kotheka mu Juni kapena Julayi. Pomaliza, pawindo kapena pachitseko cha galasi choyang'ana kumadzulo pakhale katani yochindikala, chifukwa dzuwa lowomba malo amodzi tsiku ndi tsiku limatenthetsa malowo kuposa chipinda chonse ndiponso limasintha mtundu wake.

Apa mtundu woyererako ukupambananso, popeza sukoka kutentha kwa dzuwa ngati wakuda. Koma zoona zake n'zakuti nyumba yopanda siling'i iyambe yaika siling'i. Vinyl adikire.

Kodi angayalidwe pa simenti ina iliyonse?

Ayi, ndipo ntchito zambiri zimaonongekera pamenepa. Vinyl ndi wopyapyala, moti amatsatira chilichonse chimene chili pansi pake. Kamwala kamodzi kotsalira kamadzaonekera ngati chotupa pakapita miyezi. Pamene simenti inalowa m'kati, SPC amalira akapondedwa, ndipo mano ake amatha ndi kugwedezekako. Muyezo umene makampani ambiri amapereka ndi wakuti thabwa lowongoka la mamita 2 likagonekedwa pansi, mpata wa pansi pake usapitirire mamilimita 3. Amisiri ambiri a m'midzi ndi m'matauni athu amasalaza ndi maso ndi mpeni wa simenti, zimene zimakwanira ngati pamwamba padzapakidwa polishi kapena padzaikidwa matailosi okhala pa simenti yochindikala. Kwa vinyl sizikwanira. Pamafunika simenti yapadera yamadzimadzi imene imadzisalaza yokha, ndipo mtengo wake uyenera kuwerengeredwa kuyambira pachiyambi.

Chachiwiri ndi chinyontho. Nyumba zambiri zinamangidwa popanda kuyala pepala lakuda lapulasitiki pansi pa konkire. Pa simenti yapoyera chinyontho chochokera m'nthaka chimakwera n'kuuluka popanda wochizindikira. Pamwamba pakaphimbidwa ndi vinyl chimasowa kotulukira, ndiye guluu amasungunuka, pansi pamamera nkhungu, ndipo m'nyumba mumayamba kafungo kosatha. Madera oyandikira Shire ku Liwonde, ndi a m'madambo a kufupi ndi nyanja za Chilwa ndi Chiuta, kumene madzi a pansi pa nthaka ali pafupi, ndi ofunika kusamala koposa.

Pali kayezedwe kosavuta kamene aliyense angachite. Amatenga pepala lapulasitiki loonekera, pafupifupi theka la mita mbali zonse, n'kulimata pansi ndi tepi m'mbali zonse zinayi. Pakatha tsiku lathunthu amalimatula. Ngati kunsi kwake kwachita thukuta kapena simenti yadera pamalopo, pansipo si pouma. Kuyeza kumeneku kuzichitika mu Febuluwale kapena Malichi, nthaka itakhuta madzi, chifukwa mu Okutobala nyumba iliyonse imaoneka youma. Pepala likatuluka louma si umboni wokwanira, koma likatuluka lonyowa ndiye kuti yankho lapezeka kale.

Simenti yatsopano nayo imafuna nthawi. Amisiri a za pansi amawerengera kuti simenti yosalazira imauma pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, kutanthauza kuti yochindikala mamilimita 50 imafuna pafupifupi miyezi iwiri, ndipo nthawi ya mvula imaposa apo. Mwini nyumba amene akuthamangira kulowa Khirisimasi isanafike ndi amene amadzamatula zonse Pasaka isanakwane.

Pa dothi lamakande pali vuto linanso. Dothili limafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe, ndipo limang'amba simenti ya nyumba imene maziko ake sanakonzedwe bwino. Timing'alu tating'ono SPC amatha kutidumpha bwino kuposa matailosi, amene amasweka motsatira mng'aluwo. Koma ngati mbali imodzi ya mng'alu yakwera kuposa inzake, pafunika mmisiri wa maziko, osati chophimbira.

Akuti salowa madzi. Ndiye kuti ngakhale madzi osefukira sangamuononge?

Kathabwa pakokha sikafufuma ndi madzi, n'zoona. Koma amene anaona namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti madzi olowa m'nyumba amabwera ndi matope ndi zonyansa za m'zimbudzi. Madzi otere amalowa m'mbali mwa khoma n'kukhazikika pansi pa vinyl. SPC angathe kuchotsedwa, kutsukidwa, kuumitsidwa ndi kuyalidwanso ngati mano ake sanathyoke pomasula. Womata ndi guluu kawirikawiri amatayidwa. Nyumba imene madzi anailowapo kale ndi bwino ikhale ndi matailosi kapena simenti yapoyera.

Za chiswe, nkhani ndi yabwino. Chiswe sichidya PVC kapena mwala wa laimu, ndipo ichi n'chifukwa chomveka chosankhira vinyl m'malo mwa thabwa lenileni m'dera limene chulu chimamera ngakhale pakhonde. Komabe chiswe chimatha kudutsa m'ming'alu pansi pake osaoneka, n'kukatulukira pa sikating'i yathabwa ndi mafelemu a zitseko. Mankhwala a chiswe athiridwe ndithu pomanga.

Kukhitchini ndi pakhonde angaikidwe?

Ngati pakhomopo amaphikira pa mbaula, ayi. Khala limodzi lamoto likagwa limasiya bala lakuda losachoka, ndipo pa mtundu woyererako balalo limaonekera kwa mlendo aliyense. Mbaula yeniyeniyo, poto wongophulidwa kumene ndi ayironi ya makala zimasungunula pulasitiki. Mabanja ambiri amene ali ndi kuka ya magetsi amasungabe mbaula chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, ndipo mvula ikamagwa mbaulayo imalowa m'nyumba. Pamenepo matailosi ndiwo oyenera.

Pakhonde sipoyenera chifukwa cha dzuwa ndi mvula. Malo amene vinyl amasangalatsa ndi kuchipinda chogona, pabalaza ndi m'kakhonde ka m'kati. Mu Juni sazizira kumapazi ngati matailosi, mwana wokwawa akagwa saphweteka kwambiri, ndipo kapu ikagwa nthawi zina imapulumuka. Kwa eni malo ogona alendo a ku Liwonde, amene amalandira anthu opita kukaona nyama kumalo osungira nyama a Liwonde, palinso phindu lakuti chipinda chimatha kukonzedwa tsiku limodzi popanda fumbi la kuswa simenti.

Pakatoni payenera kuwerengedwa chiyani?

Choyamba ndi kuchindikala kwa khungu lapamwamba lija, kumene n'kosiyana ndi kuchindikala kwa kathabwa konse. La mamilimita 0.2 n'lokwanira kuchipinda chogona chokha. La 0.3 ndi la nyumba wamba. La 0.5 kapena 0.55 ndi limene limaikidwa m'masitolo ndi m'maofesi, ndipo ndi loyenera pabalaza pa banja lalikulu pamene ana amalowa ndi kutuluka ndi mchenga kumapazi. Makatoni ena amalemba manambala monga 23, 31, 32 kapena 33. Oyamba ndi 2 ndi a m'nyumba zokhalamo, oyamba ndi 3 ndi a malo a malonda, ndipo nambala yachiwiri ikamakwera ndiye kuti kulimba kukukweranso. Katoni imene siikunena chilichonse mwa izi ndi yokayikitsa, ngakhale chithunzi chake chikongole bwanji.

Makampani odziwika alipo, monga Tarkett ndi Gerflor a ku France, Amtico, Karndean ndi Polyflor a ku Britain, ndi Belgotex ya ku South Africa. SPC wambiri wa padziko lonse amapangidwa ku China. Dziko limene wachokera silitsimikizira ubwino kapena kuipa kwake. Manambala aja ndi amene ayenera kufunsidwa.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Chipinda cha mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi ndi masikweya mita 12. Kuwonjezerapo 10 pa 100 aliwonse chifukwa cha zodulidwa, akukwana 13.2. Ngati katoni yalembedwa kuti imakwanira masikweya mita 2.2, pafunika makatoni 6. Wogula atengerepo katoni ina yosunga, ndipo onse akhale a nambala imodzi ya ulendo wopangidwira, chifukwa mtundu umasiyanako pang'ono pakati pa ulendo ndi ulendo. Katunduyu ndi wochokera kunja, ndiye mtengo wake umayenda ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023, amene anagula theka n'kumati lina adzagula mwezi wamawa anaona okha mmene mitengo ya zomangira inasinthira. Ndipo mtundu umene uli m'sitolo lero mwina sudzabweranso.

Mmisiri naye afunsidwe nyumba imene anayalapo vinyl, makamaka imene yadutsa chilimwe chimodzi ndi dzinja limodzi. Kudziwa kuika matailosi si kudziwa kuyala vinyl.

Amasamalidwa bwanji?

Chizolowezi chovuta kusiya ndi cha polishi. Polishi wa phula, wofiira kapena woyera, sayenera kupakidwa pa vinyl: amaterera, amagwira fumbi, ndipo wofiirayo amadetsa mtundu woyererako. Parafini, waya wotsukira mapoto ndi sopo wa ufa wokhakhala nazonso zimapha khungu lapamwamba. Chofunika ndi tsache lofewa tsiku lililonse, ndi chikolopa chofinyidwa bwino m'madzi a sopo pang'ono.

Mdani wamkulu ndi mchenga, umene umapala pang'onopang'ono pansi pa nsapato. Chopondera mapazi pakhomo, ndi mwambo wovula nsapato polowa umene mabanja ambiri a ku Machinga ali nawo kale, zimatalikitsa moyo wa vinyl ndi zaka. Chopondera chake chisakhale cha labala kunsi, chifukwa labala akakhalitsa pa vinyl amasiya banga lachikasu losachoka. Matayala a njinga yogona pabalaza usiku amachita chimodzimodzi, ndiye pansi pake paziyalidwa katoni kapena mkeka. Miyendo ya mipando ndi ya bedi imatidwe tinsalu tochindikala, ndipo firiji isamakokedwe.

Pali choopsa chilichonse pa thanzi?

Pali ziwiri zofunika kudziwa. M'nyumba zakale za boma ndi za makampani muli timatailosi tapulasitiki tamakona anayi timene anthu amati ta Marley. Matailosi a mtundu umenewu opangidwa zaka za m'ma 1980 zisanathe nthawi zambiri ankasakanizidwa ndi asbestos, amene fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo. Sayenera kupalidwa ndi makina kapena kuphwanyidwa ali ouma. Ngati agwira bwino ndipo ndi osalala, SPC angayalidwe pamwamba pake.

Chachiwiri ndi zotsalira. Tizidutswa ta vinyl tisaponyedwe pamoto kapena kuyatsira mbaula, chifukwa utsi wa PVC ndi wapoizoni. Ngati wamatidwa ndi guluu, mawindo akhale otsegula masiku angapo anthu asanayambe kugonamo.

Ndiye pakati pa vinyl ndi matailosi, chabwino n'chiti kuno?

Kwa nyumba zambiri za ku Balaka ndi ku Machinga, matailosi akadali patsogolo. Saopa dzuwa, saopa khala lamoto, amazizira bwino mu Okutobala, amapezeka m'masitolo a zomangira a pafupi, ndipo amisiri odziwa kuwaika ali paliponse. Alipo ngakhale matailosi aatali osindikizidwa ngati thabwa loyererako, amene amapereka maonekedwe omwewo kwa munthu wofuna kukongola kokha.

Vinyl amayenera nyumba imene ili ndi siling'i, imene pansi pake ndi pouma ndi posalala, imene ili pamalo okwera, ndiponso imene mbaula siilowa. M'nyumba yotere, SPC woyererako wa khungu la mamilimita 0.5 ndi chisankho chabwino kuzipinda zogona ndi pabalaza, matailosi n'kutenga khitchini, bafa ndi khonde. Wokhala nyumba ya lendi angapindulenso ndi SPC chifukwa samatidwa, moti posamuka angathe kumasula n'kunyamula, bola agwirizane kaye ndi mwini nyumba, popeza zitseko zina zimafunika kupalidwa kunsi kuti zizitseguka pamwamba pa mamilimita 5 owonjezerawo.